Ndani akudya nawo bandulo yanu? Za kusankha browser ya pa foni

Alamu anga amagulitsa kaunjika ku Zigwagwa, ndipo ofesi yawo yonse ili m'foni. Mabelo amaitanitsira pa WhatsApp, ndalama amalandirira pa Mpamba ndi Airtel Money, ndipo May akangolowa, chisanu cha ku Mzuzu chikayamba kuluma m'makutu, status yawo imadzaza majuzi ndi majekete. Loweruka lina nditawapeza pa benchi pawo, sanandipatse n'komwe mpata wokhala pansi.

"Alamu, tandionereni foniyi. Bandulo ya sabata ndagula Lolemba, Lachitatu yatha. Anthu a netiwekiwa akutibera."

Ndinaitenga. Galasi long'aluka pakona, RAM (pomwe foni imagwirirapo ntchito zimene mwatsegula) ya 2 GB, malo a 32 GB otsala pang'ono kudzaza. Nditangotsitsa kansalu ka pamwamba kaja, mauthenga anali mbwee: wosewera mafilimu wina wa ku Nigeria wasiyana ndi mwamuna wake, kubetcha kwa lero kuli ndi bonasi, foni yanu yagwidwa ndi mavairasi dinani apa msanga. Palibe n'chimodzi chomwe chimene alamu anapempha. M'fonimo munali ma browser atatu. Imodzi inabwera ndi foni, ina ndi Chrome, yachitatu anawaikira mnyamata amene anawakonzera foni itazima. Sanaitenge ku Play Store, anachita kuwathirira kuchokera m'foni mwake, amvekere, "Amama, iyi ndi yopepuka, sidya data." Titalowa mu Settings kukaona mmene app iliyonse yadyera, yopepukayo inali yachiwiri kwa WhatsApp, ndipo zambiri inadya foni ili m'chikwama.

Kwa amene dzinali ndi lachilendo, browser ndi app imene imatsegula masamba a pa intaneti. Ambiri a ife dzuwa limalowa tili pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok, n'kumaganiza kuti browser sitiigwira. Koma mukafuna kuona zotsatira za MSCE, mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, kufunsira ntchito, kuwerenga nyuzi, kapena mukangodina linki imene wina waponya m'gulupu ya mpingo, mwalowamo kale.

Kuti alamu amve msanga, ndinawafanizira ndi belo. Belo mumagula lomanga, simusankha. Mukadula mawaya mumapezamo majekete abwino angapo, zapakatikati, ndi masanza oti ngakhale mutsitse mtengo bwanji munthu satola, koma kulemera kwake mwalipira. Tsamba la pa intaneti ndi chimodzimodzi. Nkhani imene mukufuna kuwerengayo, mawu okhaokha, ndi tima KB tochepa. Koma a HTTP Archive, omwe amayeza masamba mamiliyoni, amapeza kuti tsamba lapakatikati lotsegulidwa pa foni limalemera kupitirira 2 MB. Zotsalazo ndi zithunzi, mavidiyo oyamba okha, ndi timapulogalamu ta JavaScript. Gawo lina la katunduyu silichokera n'komwe kwa mwini tsamba. Limachokera kwa makampani ena amene mwini tsambayo anawalola kulongedza nawo, otsatsa malonda ndi ochita kalondolondo.

Kalondolondoyu amayenda chonchi. Tsamba likhoza kusiya m'foni mwanu kachizindikiro kotchedwa cookie, ngati kapepala ka nambala kamene amakupatsani posungitsa njinga. Kakakhala ka mwini tsamba n'kothandiza, ndi kamene kamachititsa kuti musamalembe pasiwedi nthawi iliyonse. Koma zida monga Google Analytics ndi Meta Pixel zili pa masamba mamiliyoni, ndipo kampani imene ili pakhomo lililonse ikhoza kulumikiza kuti amene anali apa m'mawa ndi yemwe ali uku madzulo. Ndiye tsamba likamatseguka, diso lisanaphethire, pamachitika okushoni. Amene anaonako fodya akugulitsidwa ku okushoni ya Mzuzu akudziwa mmene zimakhalira, belo lili pansi, ogula akudutsa, aliyense akutchula mtengo wake. Kusiyana kwake n'kwakuti apa amene ali pansi ndinu: foni ya mtundu wakuti, ili chakumpoto kwa Malawi, ikuwerenga za ngongole. Wopambana ndiye amaika chithunzi chake pamaso panu, koma olephera nawonso amva kale za inu. Data yonyamulira zonsezi ndi ya m'bandulo yanu, ndipo batire limene likutha ndi lomwe mumafuna likufikitseni usiku magetsi akathima.

Kufufuta ma cookie kumathandiza, koma sikuthetsa nkhani. Tsamba likhoza kufunsa browser kukula kwa galasi la foni, chilankhulo chimene munaika, nthawi ya dera lanu, mtundu wa zida za mkati, n'kuphatikiza zonsezi kukhala chidindo ngati cha chala. Bungwe la ku America la Electronic Frontier Foundation linaonetsa zimenezi mu 2010, ndipo mpaka lero lili ndi tsamba lotchedwa Cover Your Tracks pomwe mungayeze browser yanu.

"Koma ine ndibisa chiyani, alamu? Ndimagulitsa majuzi."

Ndinawafunsa ngati angalole munthu wosamudziwa kuti aziwatsata kuchokera ku Zigwagwa mpaka ku chipatala, n'kumalemba m'kabuku khomo lililonse limene alowa. Anaseka, koma anamva. Munthu amafunsa intaneti zimene sangafunse ngakhale m'bale wake: chotupa chomera pamalo povuta kutchula, kothawira katapila akamupanikiza, ntchito ina abwana asanadziwe. Si umbava umenewo, ndi za m'nyumba.

Kungoti maso otiyang'anawo si amodzi, ndipo chotchinga ena sichitchinga ena. Pali a pafupi: amuna anu, ana obwereka foni kuti aonere katuni, wokonza mafoni amene mwamusiyira foni ndi pasiwedi yomwe. Pali a panjira, kampani ya netiweki kapena mwini Wi-Fi ya ku ofesi ndi ku koleji. Awa, tsamba likakhala loyamba ndi https, saona zimene mukulemba mkatimo, koma nthawi zambiri amaona dzina la tsamba limene mwapitako, ndipo popeza kuyambira 2018 nambala za foni kuno zimalembetsedwa m'dzina la munthu, nambalayo ili ndi nkhope. Kenako pali akutali, makampani a kalondolondo aja, kuphatikizapo kampani imene inapanga browser yeniyeniyo.

Incognito, kaja ka chipewa ndi magalasi, kamatchinga a pafupi okha. Kamangoti zimene mwatsegula zisatsale m'foni. Anthu ambiri ankakhulupirira kuti kamabisa zonse, mpaka mu 2020 ena anasumira Google ku khoti ku California, ndipo mu 2024 kampaniyo inavomera kufufuta zolembedwa mabiliyoni zokhudza anthu amene ankayenda pa Incognito ndi kulemba chenjezo lomveka bwino. Kuno kwathu tili nalo tsopano lamulo loteteza za chinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, ndipo woliyang'anira ndi MACRA. Ndi chiyambi chabwino, makamaka pa mabanki, zipatala ndi makampani a pompano. Koma kuti dzanja lochokera ku Malawi likagwire kampani ya kalondolondo imene ilibe ngakhale kaofesi mu Africa muno, pali mtunda. Chotsala m'manja mwanu ndi chida chimene mwasankha kulowera pa intaneti.

Tibwerere tsono ku mawu a mnyamata uja. Munthu akati browser ndi yopepuka angatanthauze kuti sitenga malo ambiri m'foni, kapena kuti sipanikiza RAM mpaka foni kumaima osamva chala, kapena kuti sidya data. Zitatuzi sizikhalira pamodzi kawirikawiri, ndipo yoyambayo, imene anthu amayang'ana kwambiri chifukwa ndi yolembedwa pa Play Store, ndi imene imanamiza koposa.

Mtima wa browser ndi injini yake, pulogalamu yaikulu yosandutsa zolembedwa za makompyuta kukhala tsamba looneka. Injini zikuluzikulu zatsala zitatu zokha. Blink, ya mu Chromium yomwe Google imatsogolera, ndiyo ili mu Chrome, Brave, Edge, Opera ndi Samsung Internet. Gecko ndi ya Mozilla, ili mu Firefox. WebKit ndi ya Apple, ndipo pa iPhone kuno kwathu browser iliyonse, kaya yalembedwa Chrome kaya Firefox, pansi pake ndi WebKit yomweyo. Browser yonyamula injini yakeyake siingakhale yaing'ono. N'chifukwa chake Firefox ndi Brave zimayandikira kapena kupitirira 100 MB, ndipo zikakhazikika m'foni zimanenepa kuposa pamenepo.

Nanga tating'onoting'ono monga Via, tosafika n'komwe 5 MB, timakwanitsa bwanji? Tilibe injini. Ndi ngolo yopanda ng'ombe, imabwereka za aneba. M'foni iliyonse ya Android muli kale injini yotchedwa Android System WebView, ndipo ma browser ang'onoang'ono, ngakhalenso DuckDuckGo yomwe ndi yokulirapo, amangokolekapo ngolo yawo. Kubwerekako si kulakwa, kumapulumutsadi malo. Vuto ndife. WebView imalandira zokonza kudzera pa Play Store kuyambira pa Android 5 mu 2014, koma ambiri tinatseka ma update kalekale poopa bandulo, ndiye ng'ombe za anebazo zimatha chaka, mwina ziwiri, osaona katemera. Mabowo amene akuba a pa intaneti amalowera amakhala mu injini, ndipo injini yakale ndi nyumba yosakhoma ngakhale chitseko chipakidwe penti wonyezimira.

Pa RAM nkhani ndi yaifupi. Mafoni ambiri otsika mtengo amene ali m'matumba mwa anthu ku Chibavi, Mchengautuwa ndi Zolozolo ndi a 2 GB kapena 3 GB, ena a Android Go, Android yopepuka ya mafoni ochepa mphamvu. Chimene chimawalemetsa si dzina la browser kwenikweni, ndi katundu amene browser yalola kulowa, ndi masamba makumi atatu amene munatsegula mwezi watha osatseka. Browser ya 100 MB yokana timapulogalamu ta otsatsa ikhoza kuyenda myaa pamene ka 3 MB kolola chilichonse kakupuma wefuwefu.

Pa data, mfumu yakale ndi Opera Mini, ndipo ulemu wake tiipatse. Inayambira ku Norway mu 2005, n'kufalikira dziko lonse mu 2006, ndipo ambiri a ife Facebook tinayamba kuionera pamenepo, pa Nokia ya mabatani, titakwera pachulu kusaka netiweki. Nzeru yake ndi yakuti foni yanu sipita yokha kukatenga tsamba. Imatuma maseva a Opera, makompyuta akuluakulu a kampaniyo, omwe amakalitenga, kulipeta, kuchepetsa zithunzi, n'kukutumizirani lofinyidwa. Kampaniyo imati ikhoza kupulumutsa data mpaka 90 peresenti. Netiweki ikagwera pa E, monga zimachitikira mukamadutsa malo ena a ku Chikangawa, njira imeneyi imatsegula tsamba pamene zina zikungozungulira.

Agogo athu ankalidziwa dongosolo limeneli. Kalata ikabwera kuchokera ku Joni, amene sankadziwa kuwerenga ankaitana mwana wasukulu. Iye ankang'amba envulopu, kuwerenga, n'kunena mwachidule kuti bambo ali bwino, atumiza bulangete. Uthenga unkafika ndithu, koma mwanayo ankadziwa zonse za m'banjamo. Opera Mini ikakhala pa Extreme, pomwe imapulumutsa kwambiri, imagwira ntchito ya mwana ameneyu. Kuti ifinye tsamba lokhomedwa ndi https iyenera kulitsegula kaye pa seva yake, n'kulikhomanso ndi loko wake polibweretsa kwa inu. Ndiye kuti loko sachoka kwa inu kukafika ku banki mwachindunji, pakati pali wina. Opera sibisa zimenezi, ndipo sindikunena kuti imaba. Ndikungoti pamenepo mwakhulupirira kampani, osati loko. Likulu lake likadali ku Oslo, koma mu 2016 gulu la makampani a ku China linagula mbali yake ya ma browser pa madola 600 miliyoni, ndipo ndalama zake zambiri zimachokera ku zotsatsa ndi ku mapangano ndi makampani osakira zinthu pa intaneti. Mukaiika pa High, masamba a https sadutsanso m'lichero, koma popeza masiku ano ambiri ndi a https, zopulumuka zimachepanso.

Ine ndimati, yowerengera nyuzi ndi zigoli za mpira bandulo ikatsala 30 MB, palibe cholakwa. Koma banki, imelo, kapena fomu yofunsira ntchito imene mukulembamo nambala ya chiphaso, zisadutse kwa mwana wasukulu.

Akuluakulu ena anasiya njirayi. Chrome inali ndi Lite mode yofinya masamba, koma Google inaichotsa mu 2022, n'kunena kuti mitengo ya data yatsika m'mayiko ambiri. Mwina sanafunse wophunzira wa ku Mzuni amene amadikira pakati pa usiku m'kachipinda ka lendi ku Luwinga kuti bandulo ya usiku iyambe. Mozilla nayo inatseka Firefox Lite mu 2021. Ina imene inatchuka kwambiri pa zofinya ndi kutsitsa mavidiyo ndi UC Browser, ya kampani ya Alibaba. Mu 2015 ofufuza a Citizen Lab ku yunivesite ya Toronto anapeza kuti inkatumiza manambala ozindikiritsa foni ndi SIM card, ndi malo amene munthu ali, popanda kukhoma mokwanira. Mu June 2020 boma la India linailetsa pamodzi ndi ma app ena a ku China okwana 59 onse pamodzi, ngakhale pamenepo panalinso ndale za m'malire.

Njira ina yochepetsera data ndi yosiyana kotheratu. M'malo mofinya belo lonse, mumakana masanza asanakwere n'komwe galimoto. Browser ikakana kutsitsa zotsatsa ndi timapulogalamu ta kalondolondo, tsamba limatseguka msanga, RAM imapuma, data imatsala, ndipo okushoni ija imakusowani. Apa ndi pokhapo pamene kupepuka ndi chinsinsi zimayendera limodzi, ndipo ndi pamene ine ndimayambira kusankha.

Yosavuta koposa ndi Brave. Inatuluka mu 2016, ndipo mmodzi mwa eni ake ndi Brendan Eich, yemwe analemba JavaScript mu 1995, chilankhulo chomwecho chimene akalondolondo amagwiritsa ntchito. Mukangoiika imayamba kutchinga yokha, osakhudza kalikonse, ndipo imayesanso kusokoneza chidindo chija. Kulemera kwake ndi kwa malo, komanso imabwera ndi katundu wake amene simunapemphe: ndalama za pa intaneti (crypto) zotchedwa BAT, chikwama chake, zithunzi za malonda patsamba loyamba. Zonsezi zimatheka kuzimitsa, koma muyenera kukhala pansi n'kuzisaka. Mu June 2020 inagwidwa ikuwonjezera nambala yake ya komishoni munthu akamalemba adiresi ya misika ina ya crypto monga Binance. Eich anapepesa ndipo anasintha.

Firefox ndi ya munthu wofuna kudzikonzera. Payokha imatchinga akalondolondo odziwika, ndipo kuyambira 2023 ya pa Android imatsekera cookie iliyonse m'khola la tsamba limene yachokera kuti isakutsatireni kwina. Mphamvu yake yeniyeni ndi yakuti imalola zowonjezera, chinthu chimene Chrome ya pa foni silola. Mukaikamo uBlock Origin, yotchinga zotsatsa ndi akalondolondo, yolembedwa ndi Raymond Hill, munthu amene amakana ngakhale zopereka, mwapeza mlonda wabwino koposa amene ndikumudziwa. Ilinso ndi kabatani kosiya mawu okhaokha pa nkhani, kothandiza maso ndi RAM. Pa foni ya 2 GB nthawi zina imayamba mwaulesi. Ndipo chodabwitsa n'chakuti ndalama zambiri za Mozilla zimachokera kwa Google yomweyo, yomwe imalipira kuti ikhale yosakira yoyamba mu Firefox. Mng'ono wake, Firefox Focus, ndi wa ulendo umodzi: mwafufuza, mwadina chofufutira, zonse zapita.

DuckDuckGo ili pakati. Imabwereka WebView, choncho sitenga malo ngati ziwirizo. Ili ndi batani la moto lotentha zonse zimene mwatsegula nthawi imodzi, labwino kwa foni yobwerekana. Imatchinga akalondolondo, koma si zotsatsa zonse zimene zimachoka. Pa Android ili ndi china chimene anzake alibe, App Tracking Protection, chotchinga kalondolondo wa m'ma app ena a m'foni. Nayo ili ndi chipsera. Mu 2022 wofufuza Zach Edwards anapeza kuti inkalola timapulogalamu ta Microsoft kudutsa chifukwa cha pangano la pakati pawo, ndipo patapita miyezi yochepa, anthu atadandaula, inayamba kutitchinga.

Mungati ndiye zonse n'zakuba. Ayi. Palibe browser yaulere yopanda woilipirira, ndipo funso loyenera kufunsa iliyonse ndi lakuti amene akuidyetsa ndani, nanga iye akupindula chiyani pa ine. Koma taonani kuti zolakwa za Brave ndi DuckDuckGo tikuzidziwa chifukwa pali anthu ochuluka ozisuzumira. Zolembedwa zambiri zopangira ma browser amenewa zili poyera, zikapsa mtedza dziko limamva, eni ake n'kuchita manyazi. Ka browser kamene kanali m'foni mwa alamu kalibe mbiri yoipa iliyonse, chifukwa palibe amene anakayang'anapo. Titaona zilolezo zake, kanali katapempha mayina a m'foni, malo, ndi mauthenga a SMS, momwe mumadutsa uthenga wa ndalama iliyonse imene alamu alandira. Browser ilibe nazo ntchito zimenezo.

Chinthu chimodzi chimandivutitsa mumtima pa nkhani yotchinga zotsatsayi. Manyuzi athu a pa intaneti amadyera pomwepo. Mtolankhani amene wayenda wapansi mpaka ku khoti la Mzuzu kukatenga nkhani amalipidwa ndi timalonda tomweto. Ma browser onsewa amalola kutsegulira tsamba limodzi limene mwasankha, ndipo ine masamba awiri atatu amene ndimawerenga tsiku lililonse ndinawatsegulira.

Achinyamata odziwa mafoni adzakuuzani za ena abwino kuposa awa, opangidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, ochotsa chilichonse cha Google. Enadi ndi abwino. Koma munthu mmodzi amatopa. Bromite inaima chakumapeto kwa 2022, Mull inatsekedwa mu December 2024, Kiwi inasiyidwa kumayambiriro kwa 2025, ndipo pali mafoni amene akuyendabe nazo lero eni ake osadziwa. Chrome ndi Firefox mwezi sutha osatulutsa zokonza. Musanaike browser iliyonse, tsikani pansi pa tsamba lake la Play Store mukaone tsiku limene inakonzedwa komaliza. Pakapita miyezi itatu kapena inayi, isiyeni. Foni yeniyeniyo nayo imakalamba: kuyambira August 2025 Chrome yatsopano sifikanso pa Android 8 ndi 9, pamene Firefox inapitiriza kutumikira mafoni amenewo. Ngati muli ndi foni yakale yochokera kwa achimwene a ku Joni, mfundo imeneyi yokha ikhoza kukusankhirani.

Pali khomo lina limene browser yabwino siliona. Mukadina linki muli mu Facebook, Instagram kapena TikTok, tsambalo limatsegukira m'kabrowser ka mkati mwa app yomweyo, komwe mlonda wanu kulibe. Mu 2022 Felix Krause anaonetsa kuti pa iPhone ma app amenewa ankalowetsa timapulogalamu tawo m'masamba otsegulidwa mwanjira imeneyi. Pakona pamakhala timadontho titatu pomwe mungasankhe kutsegulira linkiyo kunja. Ndi kadina kamodzi kowonjezera.

Za VPN yaulere, app yodutsitsa intaneti yanu pa kompyuta ya kampani ina, sindichedwapo. Imabisa kwa kampani ya netiweki, n'kuonetsa zomwezo kwa mwini VPN amene simukumudziwa, mwangosintha mwana wowerenga kalata. Tor Browser, yomwe ili pa Android kuyambira 2019, imadutsitsa uthenga m'makompyuta atatu kuti pasakhale mmodzi wodziwa zonse. Ndi ya mtolankhani wofufuza katangale kapena woulula chinyengo, koma ndi yochedwa, ndipo pa netiweki yofooka mungaphike nsima tsamba lisanatseguke. Ndipo palibe browser imene ingakuletseni kulemba PIN yanu pa linki yoti boma likugawa ndalama kwa aliyense.

Ndi alamu tinachita zochepa. Tinachotsa ka browser ka mnyamata uja. Yobwera ndi foni sinkachotseka, ndiye tinaizimitsira mauthenga ndi data ya kumbali. Mu Chrome tinapeza masamba asanu ndi awiri amene alamu anawadinira Allow osadziwa, omwe ankatumiza za mavairasi zija, n'kuwachotsa onse. Chrome tinaisiya kuti ikhale ya masamba ovuta amene amakana kutseguka potchingidwa. Poona kuti malo atsala ochepa, tinaika DuckDuckGo, ndipo ndinapita ndi foniyo komwe kuli Wi-Fi kukakonza WebView, yomwe inali isanalandire update chigulireni. Ikanakhala foni ya 4 GB ndikanaika Brave, ndipo m'foni mwanga ine muli Firefox ndi uBlock Origin. WhatsApp nayo tinailetsa kutsitsa yokha mavidiyo a m'magulupu, poti inali ndi gawo lake pa mlanduwo.

Sabata yotsatira ndinadutsanso, chiperoni chikuwaza, alamu atafunditsa mulu wa majekete ndi pulasitiki. Bandulo inali itafika Loweruka. Koma anandilandira ndi dandaulo lina.

"Achimwene anu akwiya. Akuti zigoli za Moyale ndi Bullets zinkabwera zokha, pano foni yangoti zii."

Ndinawatsegulira tsamba la zamasewera, n'kuliika pagalasi loyamba pafupi ndi WhatsApp kuti azingodina. Alamu analiyang'ana, n'kuyang'ana ine.

"Nanga mtsikana wa ku Nigeria uja, anabwererana ndi mwamuna wake?"